Mwezi Unkawatulutsa, Nyali Inkawalowetsa

Pakhomo pa nyumba zina zakale za m'dera la Mayfair ku London pali tizitsulo tooneka ngati nyanga yozondoka, tomangiriridwa kumpanda. Anthu ambiri amangodutsa osadziwa ntchito yake. Tinali tozimitsira miuni. M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, munthu wopeza bwino akafuna kuyenda usiku ankalemba ganyu mnyamata woti amutsogolere, atanyamula muuni wa zingwe zonyikidwa m'phula. Akafika pakhomo, mnyamatayo ankalandira kakobiri kake n'kulowetsa muuni m'kachitsulo kaja kuti uzime, usapse pachabe pamene akudikira wina womulemba. Samuel Pepys, amene ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku m'zaka za m'ma 1660, amawatchula kangapo anyamata oterewa.

Ndayamba ndi iwowa chifukwa funso limene ndikulondola ndi la ana: kodi kuwala kwa mumsewu kumampatsa mwana mpata woyenda yekha? Ambirife tingayankhe msanga kuti inde, pakuti amene amaopa mdima amafuna nyali. Koma Britain ndi dziko loyenera kulifunsa mofatsa. Linayamba kale kuunikira misewu, linazimitsapo nyali zonse pa nthawi ya nkhondo, linasunthapo wotchi kwa zaka zitatu, ndipo linawerengapo ana amene amaloledwa kuyenda okha. Zimene zinapezeka m'zaka mazana atatu zimenezi zikutikhudza ife amene mizinda yathu ikudzala mizati ya magetsi lero.

Mzinda wodalira mwezi

London wa nthawi ya Pepys sankasiyana kwambiri ndi mudzi pa nkhani ya usiku. Mwezi ndiwo unkalamula. Malamulo a mzinda ankauza eni nyumba kupachika nyali panja pa masiku amene mwezi uli kumdima basi. M'zaka za m'ma 1680, Edward Heming atapatsidwa chilolezo choika nyali pakhomo limodzi mwa makomo khumi aliwonse, nyalizo zinkayatsidwa m'miyezi yozizira, pa mausiku opanda mwezi, ndipo pakati pa usiku zinkazima. Patapita zaka pafupifupi 100, ku Birmingham kunali gulu la anthu ophunzira ndi eni mafakitale, monga Erasmus Darwin, Matthew Boulton, James Watt ndi Josiah Wedgwood, limene linkakumana mwezi ukakhala wathunthu kuti aliyense aone njira pobwerera kwawo. Dzina la gululi, Lunar Society, linachokera ku mwezi womwewo.

Kwa anyamata a miuni aja, mwezi unali mdani. Ukawala, ganyu panalibe. M'chilankhulo cha m'misewu ena mwa iwo ankatchedwa dzina lotanthauza otemberera mwezi, ndipo dzinali linkanena makamaka za amene ankagwirizana ndi mbava, n'kumutsogolera munthu m'kanjira kobisika kenaka n'kuzimitsa muuni. Ana amenewa ankayenda okha usiku wonse, ankadziwa njira iliyonse ya mzinda, koma palibe amene angakutche kuyenda kwawoko ufulu. Chinkawatulutsa panja ndi njala. Apa mpamene ndimaphunzira chinthu choyamba: kuona mwana ali yekha mumsewu usiku sikutiuza ngati watuluka mwa kufuna kwake.

Kuwala koyamba kunalowa m'fakitale

Munthu amene anathandiza kwambiri kuti gasi wa malasha akhale nyali anali William Murdoch, wantchito wa Boulton ndi Watt omwe aja. M'zaka za m'ma 1790 anaunikira nyumba yake ku Redruth ndi gasi, ndipo cha m'ma 1805 kampaniyo inayamba kuika nyali za gasi m'fakitale yaikulu ya thonje ya Phillips ndi Lee ku Salford. Msewu unabwera pambuyo. Frederick Winsor anaonetsa nyali za gasi mumsewu wa Pall Mall mu 1807, kampani ya Gas Light and Coke Company inapatsidwa chilolezo mu 1812, ndipo mlatho wa Westminster unaunikiridwa mu 1813.

Ndondomeko imeneyi ili ndi tanthauzo. Kuwala kwatsopano kusanafike pamene ana ankasewera, kunayamba kafika pamene ankagwira ntchito. Makina a thonje ankatha kuzungulira usana ndi usiku, ndipo manja ang'onoang'ono olumikiza ulusi ndiwo anali otsika mtengo. Nyumba ya Malamulo inachita kulowererapo. Lamulo la mafakitale la 1833 linaletsa kulemba ntchito ana osakwana zaka 9 m'mafakitale ambiri a nsalu, ndiponso linaletsa aliyense wosakwana zaka 18 kugwira ntchito usiku, kuyambira 8:30 madzulo mpaka 5:30 m'mawa. Tinganene kuti lamulolo linawabwezera ana mdima umene nyali inawalanda, kuti agone.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, sukulu itakhala yokakamiza, mzati wa nyali unapeza ntchito ina. M'misewu ya anthu osauka nyumba zinali zopanikizana, ndipo bwalo la ana linali msewu womwewo. Pamwamba pa mzati wa gasi pankakhala kachitsulo kopingasa kotsamiritsapo makwerero a munthu woyatsa nyali. Ana ankamangirirapo chingwe n'kumazungulira mzatiwo ngati katungwe. Zithunzi zakale za ku London, Manchester ndi Glasgow zimaonetsa masewerawa. Koma mzati womwewo unalinso wotchi. Lamulo limene makolo ambiri ankapereka, ndipo achikulire a kumeneko amalikumbukirabe, linali lakuti nyali za mumsewu zikangoyaka, mwana akhale atalowa m'nyumba. Kuwala kumene kukanatalikitsa masewera kunasanduka belu lowathetsa.

Galimoto ilowa m'bwalo

Chimene chinasintha msewu koposa nyali ndi galimoto. Mu 1934 anthu oposa 7,300 anafa pa ngozi za pamsewu ku Britain, ambiri mwa iwo oyenda pansi, ndipo ana anali ochuluka pakati pawo. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo lakuti m'malo okhala anthu galimoto isapitirire liwiro la mamailosi 30 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 48. Chodabwitsa ndi mmene lamulolo linatanthauzira malo okhala anthu: msewu uliwonse wokhala ndi nyali zotalikirana mayadi osapitirira 200. Kuchokera pamenepo, mzati wa nyali unakhala chizindikiro cha lamulo. Dalaivala akaona nyali zili mndandanda amayenera kudziwa kuti pano pali anthu, aphazi achepetse. Mfundo imeneyi ilipobe, ndipo mu September 2023 dziko la Wales linatsitsa liwiro la misewu yotere kufika pa mamailosi 20.

Mu 1938 kunabweranso lamulo lolola makhonsolo kutseka misewu ina kwa maola angapo kuti ana asewere. Kungoti pafunike lamulo lotere ndi umboni wakuti bwalo linali litalandidwa kale. Walira mvula walira matope: dziko linafuna galimoto, ndipo matope ake anagwera ana.

Kenaka kunabwera mdima wochita kulamula. Pa 1 September 1939, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatsala pang'ono kuyamba kwa Britain, nyali zonse za mumsewu zinazimitsidwa kuti ndege za Germany zisaone mizinda. Mawindo anatsekedwa ndi nsalu zakuda, nyali za galimoto zinaphimbidwa. M'mwezi woyamba womwewo, imfa za pamsewu zinachuluka pafupifupi kawiri poyerekeza ndi September wa chaka chapitacho, bomba lisanagwe n'limodzi lomwe pa London. Makhonsolo anapaka penti yoyera m'mphepete mwa misewu ndi pamitengo, anthu analangizidwa kuvala kapena kunyamula chinthu choyera, ndipo mu 1940 liwiro la usiku m'matauni linatsitsidwa kufika pa mamailosi 20. Ngakhale zinali choncho, mu 1941 anthu oposa 9,000 anafa pamsewu, chiwerengero chachikulu koposa m'mbiri ya dzikolo.

Zaka zimenezi zimatseka pakamwa aliyense wonena kuti nyali ilibe ntchito. Koma tionetsetse chimene chinkapha anthu. London wa Pepys analinso mumdima, koma munalibe chitsulo cholemera tani chothamanga m'misewu yake. Mdima unakhala wakupha motere utakumana ndi liwiro.

Zaka zitatu za wotchi yosuntha

Britain ali kutali ndi pakati pa dziko, ndipo m'nyengo yozizira usana wake umafupika kwambiri. Mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ana akungoweruka kumene. Mu 1968 boma la Harold Wilson linayesa njira ina: wotchi ikhale patsogolo ndi ola limodzi chaka chonse, kuti kuwala kochepako kugwere madzulo. Kuyambira October 1968 mpaka October 1971 dzikolo linakhala pa nthawi imeneyi.

Mtengo wake unali m'mawa. Kumpoto kwa Scotland dzuwa linkatuluka cha m'ma 10 koloko, ndipo ana m'dziko lonse ankanyamuka kupita kusukulu kudakali mdima. Anagawiridwa timalamba tonyezimira tovala pamkono kuti madalaivala aziwaona. Nyuzipepala zinkalemba kwambiri za ngozi iliyonse ya m'mawa. Pamene ziwerengero zinasonkhanitsidwa, zinaonetsa kuti ngozi za m'mawa zinakweradi, koma za madzulo zinatsika kwambiri kuposa pamenepo, moti onse pamodzi ofa ndi ovulala kwambiri anachepa ndi pafupifupi 2,500 m'nyengo ziwiri zoyamba zozizira. Ena anatsutsa kuti mbali ina ya kutsikaku inachokera ku lamulo loyeza mowa madalaivala, limene linayamba mu 1967. Komabe chifukwa chake madzulo anapindula n'chomveka. M'mawa mwana amalunjika kusukulu, njira imodzi, mofulumira. Madzulo amazungulira, amakhotera kwa mnzake, amatumidwa kugolosale, ndipo madalaivala amakhala atatopa.

Pa 2 December 1970 aphungu anavota, 366 kwa 81, kuti kuyesaku kuthe. Mwana wagundidwa mumdima wa m'mawa anali ndi dzina ndi chithunzi m'nyuzipepala. Ana amene anapulumuka madzulo analibe nkhope, pakuti ngozi imene sinachitike siilembedwa. Koma pali china chimene ndimachiona m'nkhani ya timalamba tija. Timalambato tinagawidwa chifukwa aliyense ankadziwa kuti ana akupita kusukulu okha, wapansi, ngakhale mumdima. Panalibe amene ankaganiza kuti yankho n'kuwakweza m'galimoto.

Zilolezo zisanu ndi chimodzi

Mu 1971, chaka chimene wotchi inabwerera m'malo, katswiri wina dzina lake Mayer Hillman anafunsa ana ndi makolo m'masukulu a madera asanu a ku England: Islington, Nottingham, Stevenage, Winchester ndi midzi ya ku Oxfordshire. Mu 1990 anabwerera m'madera omwewo pamodzi ndi John Adams ndi John Whitelegg, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'buku lotchedwa One False Move. Iwo anayeza ufulu wa mwana powerenga zilolezo zisanu ndi chimodzi zimene makolo amapereka: kuwoloka yekha msewu waukulu, kubwerera yekha kuchokera kusukulu, kupita yekha kumalo ena, kukwera basi yekha, kupalasa njinga pamsewu waukulu, ndi kutuluka kunja kutada.

Mu 1971, ana 80 mwa ana 100 aliwonse a zaka 7 ndi 8 ankapita kusukulu popanda wamkulu. Mu 1990 anatsala 9 okha. M'zaka 19 zimenezo misewu ya ku England sinade. Nyali zamagetsi zinali paliponse. Chimene chinachuluka ndi galimoto, ndipo chifukwa chachikulu chimene makolo anapereka choletsera ana kuyenda okha chinali kuopa ngozi za pamsewu. Boma linkanyadira kuti imfa za ana pamsewu zatsika. Hillman ndi anzake anayankha kuti zatsika chifukwa ana achotsedwamo mumsewu, ndipo kholo lililonse loperekeza mwana pagalimoto limawonjezera chiopsezo kwa mwana wa mnzake amene akuyendabe wapansi. Hillman sankanyoza kuwala. Iye yemweyo analimbikitsa kwa zaka zambiri kuti wotchi isunthidwenso, madzulo atalike. Koma ankadziwa kuti ola la dzuwa silithandiza mwana amene msewu wa pakhomo pake sungawolokeke.

Mu 2015 bungwe la Policy Studies Institute, limene linasindikiza buku lija, linatulutsa kafukufuku wofananitsa mayiko 16. M'mayiko onsewo, chilolezo chimene makolo amachiumira koposa chinali chotuluka kutada. Koma dziko limene ana ake anali omasuka koposa linali Finland, kumene mu December mzinda wa Helsinki umaona dzuwa maola osakwana 6. Ana a kumeneko amapita kusukulu mumdima ndi kubwerera kukuda, tinthu tonyezimira tikulendewera pa majekete awo, m'njira zopatulidwira oyenda pansi ndi apanjinga. England anali pa nambala 7. Kumapeto kwa mndandanda kunali South Africa, dziko la dzuwa lambiri.

Chaka chomwecho akatswiri a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine anaunika makhonsolo 62 a ku England ndi Wales, ambiri mwa iwo atayamba kuzimitsa kapena kuchepetsa nyali usiku pofuna kupulumutsa ndalama. Sanapeze umboni wakuti ngozi kapena umbanda zinachuluka. Ndimawerenga zotsatirazi mosamala, chifukwa zimene anawerenga ndi ngozi ndi milandu. Mtsikana amene wasiya kupita ku kwaya ya madzulo chifukwa njira yada salowa m'kaundula wa polisi.

Nyali ya ndani?

Kupezeka kwa South Africa pamndandanda uja kumatibweretsa kufupi ndi kwathu. Aliyense amene wakhalapo m'malokeshoni a Johannesburg kapena Cape Town, kuphatikizapo abale athu ambiri amene anapita kukafuna ntchito, amaidziwa mizati italiitali, ya mamita 30 kapena kuposa, imene anthu amaitcha Apollo. Inafala m'nthawi ya tsankho. M'madera a azungu munkaikidwa nyali zazifupi zotsatira msewu, pamene malokeshoni ankathiridwa kuwala kuchokera kumwamba, monga bwalo la mpira kapena ndende, kuti oyang'anira aone amene akuyenda. Kuwala kotere kumagwera pamadenga. Pakati pa nyumba zothithikana, m'tinjira topita kumpopi ndi kuchimbudzi, mumatsala mithunzi yakuda bii, ndipo m'menemo ndi mmene mwana amadutsa. Nyali ikhoza kukhala yamphamvu koma yosayang'ana kumene kuli phazi la mwana.

Pa ntchito yanga yomasulira, mawu a akatswiri onena za kuyenda kwa mwana payekha amatalika ndikawabweretsa m'Chichewa. Koma chilankhulo chathu chili kale ndi muyeso wake. Timati mwana wakula, wayamba kutumidwa. Poyamba amatumidwa kukapala moto kwa anansi, kenaka kuchigayo, kenaka kumsika wa kutali. Ulendo uliwonse ndi chilolezo, ndipo mwana amaphunzira njira, mayina a anthu, kawerengedwe ka chenje, ndi nyumba yothawirako zikavuta. Gina Porter wa ku yunivesite ya Durham ndi anzake a ku Ghana, Malawi ndi South Africa, amene kuyambira 2006 anaphunzitsa ana kufunsa ana anzawo za maulendo awo, anaonetsa kuti kuno ana amayenda kwambiri, nthawi zambiri atasenza katundu, koma atsikana amayang'aniridwa ndi kuletsedwa kuposa anyamata. Monga anyamata a miuni aja, ana athu ambiri ali panjira chifukwa cha ntchito.

Koma tili ndi chitsanzo china chimene Britain anachitaya kalekale. Kumudzi, mwezi ukawala, ana amatuluka okha popanda wowatuma. Pabwalo pamamveka chipako, chibisalirano, nyimbo za atsikana ovina chitelera. Mwezi ukapita kumdima masewera amachepa, anthu amasonkhana pamoto. Kuwala kwa mwezi wathunthu n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kwa nyali imodzi ya mumsewu, komabe kumatulutsa mudzi wonse, pamene nyali ya ku London inkalowetsa ana m'nyumba. Kusiyana kwake kuli pa zimene zazungulira kuwalako. Pabwalo sipadutsa galimoto. Akuluakulu ali pakhonde, akumva mawu a mwana aliyense ndipo akumudziwa kuti ngwa yani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndiponso ana ali ambiri, ndipo kuchuluka kwawoko ndiko chitetezo chawo. Sindikuti kumudzi kulibe zoopsa. Kuli njoka, kuli afisi, kuli anthu oipa ngati kwina kulikonse. Ndikungoti kuwala pang'ono kumakwanira pamene zina zonsezi zili m'malo.

Kuno kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, ndipo mdima umagwa mwamsanga. Tilibe wotchi yoti tisunthe. Tili ndi mizati ya magetsi a dzuwa imene ikudzalidwa m'mizinda yathu, ndipo kawirikawiri imatsata msewu waukulu wa phula, kumene galimoto ili kale ndi nyali zake. Mbiri ya Britain ikutichenjeza za kumene njira imeneyi imathera: misewu yowala bwino, ya liwiro, yopanda mwana. Mzati ukayenera kuthandiza mwana, ukhale waufupi, uime panjira ya kumpopi, pakamlatho ka pamtsinje, pakhomo pa sukulu, pamphambano pamene amayi amagulitsa tomato madzulo. Ndipo pamene paima nyali, liwiro litsike, monga lamulo la 1934 linayesera kunena.

Makhonsolo amakonda kuwerenga mizati imene adzala. Ine ndikadakonda kuti wina atenge kope, monga anachitira Hillman, alowe m'makomo a ku Ndirande, Kanyama kapena Mbare, afunse makolo funso limodzi: kodi mwana wanu wa zaka 10 mungamutume mchere dzuwa litalowa? Yankho alilembe padera la anyamata ndi la atsikana, ndipo abwererenso patapita zaka 19.